Msangu wa Malemu Bambo

Nkhwangwa inali kale m'mwamba pamene alamu ake, aBridget, anakuwa ali kumalire a munda.

"Alamu, mwapenga? Tsitsani!"

"Wauma uwu," anatero Ignasio. Zaka makumi atatu ku Joni, n'kubwerera ku Bembeke kudzapeza msangu wa malemu bambo ake uli nthambi zokhazokha, mvula ili mkati.

"Ku Joniko munaiwalako zambiri. Msangu umayoyola masamba dzinja, kuti chimanga chione dzuwa, nthaka nayo idye."

ABridget anagwada, nafukula patsinde ndi zala, namutapira dothi m'manja. Lakuda bii, lofewa.

"Nunkhizani."

Linanunkhira ngati malaya a bambo ake akamachokera kumunda.

Ignasio anaika nkhwangwa pansi. "Nanga njere zake amafesa bwanji?"

"Khalani pansi, a ku Joni inu."