Bwana Sagwadira Galimoto

Panali munthu wina kuseri kwa Mitundu amene anataya mwana chifukwa choopa kudetsa mawondo a buluku. Mukuti ndayamba bodza? Werengani mpaka pansi, kenako mudzandiloze chala.

Dzina lawo a Mathews. Anali ndi kaesiteti ka fodya ndi matenanti angapo. Chaka chimenecho fodya anawayanja ku okushoni, ndiye anati basi, njinga yamoto yakwana, ndikufuna galimoto ya fowilo, ija imakoka ndi matayala onse anayi. Chifukwa chake chinali chomveka. Akazi awo a Esitere, mayi a Carol, anali oyembekezera, mwezi wake Febuluwale, ndipo pakati pa esiteti ndi chipatala pali dambo limene mvula ikagwa galimoto wamba sidutsa.

Pa Nathenje panali galimoto ziwiri zamalonda. Ina yoyera, yakale, yotopa ndi ntchito za bungwe lina, mipando yong'ambika. Ina yakuda, yonyezimira, magalasi akuda bii, kumbuyo atalemba 4x4 ndi zilembo zikuluzikulu. Wogulitsa yakudayo ankadzitchula Pempho, koma kwawo palibe ankakudziwa.

A Mathews anatenga Edson, tenanti wawo wa ku Mulanje, poti kale ankayendetsa malole. Edson sanayang'ane utoto. Anagwada, n'kusuzumira pansi pa yoyera, kenako pansi pa yakuda.

"Bwana, tengani yoyerayi."

"Chiphakasa ichi? Anthu aziti ndagula ambulansi?"

"Yakudayi ilibe shafiti yakutsogolo, chitsulo chija chimapereka mphamvu ku matayala akutsogolo. Anachotsa. Tagwadani muone nokha."

Pempho anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Bigi, madalawa anasiya kuyendetsa chaka chanji? Zamasiku ano n'zakompyuta, mumangodina batani ili. Onani, kagetsi kayaka. Ndiye inu bwana wathunthu mugwade pamsika pano chifukwa tenanti walamula? Amagwada ndi akazi popereka madzi."

Anthu anali atasonkhana kale. Ogulitsa mbatata anasiya malonda n'kumaonerera. A Mathews anayang'ana buluku lawo lasuti, anayang'ana fumbi, anayang'ana anthu.

"Edson, dzuka. Ukundichititsa manyazi."

"Bwana, n'kamphindi chabe."

"Ine sindigwadira galimoto. Ndimagwada m'tchalitchi basi, nakonso akandipatsa katsamiro."

Anthu anaseka. A Mathews anagula yakuda.

Unali Okutobala, misewu ili gwaa, ndipo galimoto inkauluka. Akamadutsa pa Mitundu ankatsitsa galasi pang'ono kuti anthu aone chipewa. A Esitere anafunsa kamodzi kokha.

"Bambo a Carol, padambo paja idzadutsa?"

"Iyi? Ikhoza kukwera phiri la Nkhoma chobwerera m'mbuyo."

Febuluwale anafika. Mvula inagwa masiku anayi osapuma. Tsiku lachisanu m'mawa a Esitere matenda anayamba, ndipo amayi awiri amene anabwera kudzawaona anati mwana wakhala molakwika, thamangani. Anawakweza kumbuyo pamodzi ndi amayiwo, Edson kutsogolo.

Atafika pakati pa dambo galimoto inati fwaa, n'kukhala pansi. A Mathews anadina batani. Kagetsi kanayaka bwinobwino. Matayala akumbuyo anazungulira, matope kuuluka. Akutsogolo ali phee, ngati ali pamaliro. Anadinanso. Anadina mpaka chala kupweteka.

"Bambo a Carol, ndikufa ine!"

Apo ndi pamene a Mathews anatsika n'kugwada. M'matope, mawondo onse awiri, tsaya pansi. Pamene pankayenera kukhala shafiti panali bowo, kangaude atamangapo nyumba.

Anaimbira Pempho. Nambala sinkapezeka. Edson anangothamanga kukabwereka ngolo kumudzi wapafupi. Koma ng'ombe sizidziwa changu. Zinafika dzuwa lili pamutu, ndipo mwana anabadwira m'ngolomo, amayi atatchinga ndi zitenje, chipatala chikuonekera patali. Anali wamwamuna. Sanalire.

Mwana wotere amakataya amayi okhaokha, popanda nyimbo, popanda kubuma. A Mathews anangokhala pakhonde, matope ouma ali m'mawondo.

A Esitere atatuluka m'chipatala anaima pafupi ndi galimoto ija, imene thirakitala inali itakoka kubwezera pakhomo.

"Ndamva kuti munagwada padambo paja."

"Ndinagwada, mayi a Carol."

"Pa Nathenje panali fumbi lokha. Likanachoka ndi kukutumula."

Yoyera ija anaigula munthu wa mbatata wa ku Malingunde, ndipo mpaka lero imadutsa padambo pomwepo itasenza matumba.

A Esitere atanena mawu aja, tsiku lotsatira a Mathews anapita kukanyumba ka Edson, matenanti onse akuona. Anavula chipewa, anagwada pansi, n'kunena kuti, "Achimwene, munandiuza. Ndikhululukireni."

Phunziro: Galimoto sagula ataimirira. Zilembo zakumbuyo aliyense akhoza kumata, kagetsi aliyense akhoza kulumikiza, koma pansi pake sipanama. Wokuchenjezani akakhala wantchito wanu, mverani mawu ake, osati kuyang'ana zigamba za malaya ake. Tumizani nkhaniyi ku magulupu anu onse, makamaka kwa abale amene fodya wawayanja chaka chino.

Tsono poti ndinati mudzandiloze chala, lozani apa. Zonse n'zoona kupatula chimodzi. Zopita kukagwadira Edson zija ndapeka ine, mtima unandiwawa kuti nkhani ithere poipa. A Mathews sanapepese. Anauza anthu kuti Edson ndiye anamasula shafiti n'kukagulitsa, ndipo anamuthamangitsa paesiteti fodya ali m'munda. Galimoto ilipo, amaitsuka Lamulungu lililonse asanapite kutchalitchi.