Mphini za pakhosi pa Che Wadi

Panali bambo wina ku Mangochi, dzina lake Che Wadi, wogulitsa nsomba zouma pamsika wa paboma, nthawi ija munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipani. Iye ndi mkazi wake Amida ankachita lendi mumdadada wa zipinda, khoma lake losafika kudenga. Nkhaniyi inatuluka ndi mayi wa chipinda chinacho, amene m'mawa wina akuyamwitsa mwana anawamva akukangana.

"Mukawauze zoona, bambo a Zena," anatero Amida. "Anakuwotchani kale ku Joni. Mukabisa, akakuwotchaninso pomwepo."

"Udokotalawo unauphunzira kuti? Pachitsime?"

Nkhani yake inali iyi. Che Wadi ali kumigodi ku Joni anatuluka chotupa pakhosi. Madokotala anati ndi khansa, ndipo anamuika pamakina owotcha chotupa ndi cheza chosaoneka. Anamudinda timadontho takuda tosafufutika, tosonyeza pamene chezacho chinalowa. Pomutulutsa anamuuza kuti thupi lili ndi mlingo wake, ndiye dokotala aliyense wodzamugwira pakhosipo adzamuonetse timadonthoto, kuti awerengere chimene analandira kale.

Patapita zaka chotupa chinabwerera. Kuno makinawo kunalibe, ndiye boma linamuika pagulu la odwala opita ku Zimbabwe. Tsiku lina ali pabenchi kuchipatala, bambo wina wovala tayi anamunong'oneza kuti amene anawotchedwapo kale kumeneko sawalandira, amangowabweza ndi ndege yomweyo. Anati mlamu wake zinamuchitikira.

Amida anati munthu watayiyo ngakhale dzina lake simukulidziwa, mlamu wakeyo simunamuonepo. Che Wadi anati munthu wovala choncho sanganame. Mkangano unathera pomwepo.

Sabata yomweyo anakwera basi kupita ku Nkhudzi kwa nkhalamba ina yotema mphini. Anailozera yekha potema: pa kadontho kalikonse. Nkhalambayo inatema, inapaka mankhwala akuda, ndipo zitapola timadontho tija tinasowa pakati pa mphini. Amida ataona anangoti, "Mwabisira ndani, dokotala kapena khosi lanu?"

Ku Harare dokotala anamufunsa kudzera mwa womasulira ngati anaikidwapo pamakina otere. Anakana. Dokotala anagwira pakhosi, anati khunguli laumiranji chonchi. Che Wadi anati ndi mankhwala akwathu, onani mphinizi. Pa tsiku loyamba kumuwotcha anamufunsanso, iye analumbira kuti sanaikidwepo. Basi anawerengera mlingo wonse wa khosi limene silinawotchedwepo, ndipo anamupatsa wonsewo.

Chotupa chinaphwa. Anabwera wosangalala, ndi nsalu ya Amida ndi nsapato za Zena, mwana wawo. Pamsika ankauza anzake kuti akanamvera mkazi bwenzi atabwezedwa.

Mvula isanagwe, khosi linayamba kuuma ngati chikopa cha ng'oma. Panatuluka bala losapola. Malovu anatha, nsagwada zinakana kutseguka bwino, ndipo mawu aja ankaitanira ogula utaka anasanduka manong'onong'o. Pamsika anasiya, benchi la nsomba anatenga Amida.

Atapita kuchipatala, Amida sanadikire kufunsidwa. Anafotokoza zonse, za Joni, za watayi, za ku Nkhudzi. Dokotala anati Che Wadi akananena ku Harare kuja sakanamutaya. Akanafunsa ku Joni kuti analandira chochuluka bwanji, n'kuona chotsala, kapena kupeza njira ina. Koma cheza chikalowa m'thupi sichituluka. Anawapatsa mankhwala otsukira bala ndi ochepetsa ululu.

Masana a tsikulo mayi wa chipinda china uja anawamvanso, koma ulendo uno anachita kutchera khutu.

"Wandichititsa manyazi pamaso pa dokotala," ananong'ona Che Wadi.

"Manyaziwo ndi amene atifikitsa pano."

Amida anayala mkeka, anamuikira mwamuna wake phala la mpunga losefa ndi kasupuni ka tiyi, poti ndi kokhako kamene kankalowa mkamwa. Kenako anatenga mbale yake ya mpunga ndi chambo kuti akadyere panja monga ankachitira masiku onsewo, kuopa kumukhumbiza.

"Khala pompano, amake Zena," anatero Che Wadi. "Ndizimvako fungo lokha."

Amida anakhala pansi, anamusambitsa m'manja, ndipo anayamba kudya mpunga wake pomwepo.

Phunziro: Dokotala amawerengera mlingo wa mankhwala kapena wa cheza pa zimene wamuuza iwe. Ukabisa chithandizo chimene unalandira kale, iye alemba zake molondola, koma thupi lako ndi limene lilandire kawiri. Za pabenchi la chipatala zisiyeni pabenchi pomwepo, funso lanu mukafunse m'kati. Muwatumizireko ena, makamaka amene ali ndi wodwala pakhomo.