Kutsanzika Mapepala Asanafike

"Bambo a Mwayi, musatsanzike mapepala asanafike," Atikonda anachenjeza mwamuna wake. "Kuno viza imayendera ntchito."

Shadrick anangoseka. Anali wothandizira kochi wa mpira pakoleji ina ku Croydon, ndipo kochi wamkulu wa koleji ya ku Barking anali atamulonjeza udindo wokulirapo, pakamwa pokha.

"Mabwana a ku Croydon atisunga m'nyumba ya koleji zaka zitatu. Adzamvere kwa ena kuti ndikuchoka? Sindinaleredwe choncho."

Anavaladi jekete n'kupita kukathokoza mabwana ake mmodzimmodzi, kalata yosiya ntchito ili m'manja.

Panadutsa milungu itatu ku Barking kuli zii. Envulopu ikagwa pakhomo, Atikonda ankayamba wayang'ana chidindo, kuopa kuti ndi ya a imigireshoni.

Lachinayi madzulo Shadrick analowa n'kukhala pansi osavula nsapato.

"Ku Barking akuti bwanji?"

"Kochi uja amuchotsa. Timu yaluza kasanu motsatizana. Watsopanoyo wabwera ndi anthu ake."

Atikonda anakumbatira mwana wawo Mwayi pachifuwa.

"Ndiye pitani mukagwade kwa mabwana anu, akubwezereni malo."

"Malo apita kale, mayi a Mwayi."

"Kwa ndani?"

"Kwa kochi wochotsedwayo. Akuti abwera mawa ndi akazi awo kudzayeza makatani m'nyumba muno."

Atikonda anayang'ana mazenera, kenako anakoka sutikesi pansi pa bedi.

"Imbirani achimwene ku Thamesmead abwere ndi galimoto. Kukamacha tikhale titachoka."