Chibakera Pachifuwa

Mayi Harjanti anaikanso chibakera pachifuwa. Pansi pa nyanja chizindikiro chimenecho n'chosakambirana: mpweya wandithera, tiyeni tikwere.

Nengah anatsinzina kamphindi. Tsiku lachisanu limeneli, nkhani yake yomweyo. Anali atangodutsa mfuti yaikulu ya sitima yomirayo, imene tsopano inamera zomera zofiira ngati chitsa chakale. Tinsomba tamizeremizere tinkalowa ndi kutuluka m'mawindo. Kuchiwongolero, kumene kumakhala nsomba zikuluzikulu za mphumi zotupa zomwe alendo amadzera, kunkaoneka chapatali pang'ono. Sanafikekonso.

Zaka makumi atatu akuperekeza alendo pasitima ya ku Tulamben, anali asanakumanepo ndi mlendo wotopetsa chonchi. Anali mayi wa ku Surabaya, wochepa thupi, wosalankhulalankhula. M'madzi ankamumatirira ngati nkhupakupa, nthawi zonse kumanzere, mbali imene kumalendewera kawotchi ka Nengah kosonyeza mpweya wotsala m'silinda. Mantha basi, ankatero Nengah mumtima. Iye kawotchiko anasiya kukayang'ana. Manambala ake anayamba kumuonekera mwachimbuuzi, komanso katswiri amamva mpweya ndi chifuwa, osati ndi maso.

Chomwe chinkamudya mtima n'chakuti bwana wake anali atanena kale poyera, anyamata onse akumva: "A Nengah, alendo anu akapanda kumafika kuchiwongolero, mudzakhala pamtunda muzitsuka zovala zosambira." Munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi, kumachapa ndi kuyanika. Ankachita manyazi akangoganizira.

Anakwera pang'onopang'ono monga mwa lamulo. Atatuluka m'madzi, miyala yakuda ya pagombe inkagubuduzika pansi pa mapazi, ndipo mawondo a Nengah anadandaula. Anakhala pansi, akupuma mwawefuwefu.

"Pepani mayi, lero sitinafikenso," anatero, mawu ataumitsa.

"Palibe kanthu, bambo. Ndaonako kamba wam'nyanja," anayankha Mayi Harjanti. "Mawa ndipitanso ndi inuyo. Wina ayi."

Mayiyo anavula silinda yake mosavutika n'kukwera kumtunda.

Rasmi, mkazi wa Nengah, anatsika ndi nkhata m'manja. Iye ndi anzake ndiwo amasenza masilinda kuchoka pagombe kukafika kumsewu, awiriawiri pamutu, kuyambira ali atsikana. Sitimayo anali asanaionepo ndi maso ake.

"Mayi a Putu, munthu uyu andichotsetsa ntchito," anatero Nengah, pomuitana mkazi wake ndi dzina la mwana wawo. "Amamwa mpweya ngati ng'ombe yaludzu. Ndatopa naye. Ndikupita kwa bwana pompano, amupatse wina, aone okha kuti vuto si ine."

Rasmi anawerama. Anakonza nkhata, n'kunyamula silinda ya mlendo mpaka pamutu, akubuula pang'ono. Kenako anatola ya mwamuna wake, ndipo inakwera yokha ngati mwana. Anaima choncho, akuyang'ana nyanja.

"Kwa bwana musapiteko," anatero motsitsa mawu.

"Ndiye ndizingokhala chete?"

"Bambo a Putu, maso anu akhoza kunama, koma khosi langali silinama. Masiku asanu onsewa, silinda ya mayiyu ikubwerera yolemera, ngakhale theka osatha. Imene ikubwera yopanda kanthu ndi yanu."

Nengah anatola kawotchi kake, nakatambasulira kutali ndi nkhope mpaka kanaoneka bwino. Singano inali itagona pofiira.