Maluwa Omangirira pa Mitengo ya Mbibu

Panali mkamwini wina amene apongozi ake aamuna anamusiyira munda wa mbibu, mitengo ija yobereka mtedza wa kashu. Anamuuza kuti akausamala bwino chaka chimenecho, mundawo ukhala wake. Amene anandiuza nkhaniyi akuti anaona ndi maso ake.

Mkamwiniyu anali wosamva malangizo. Anagula pampu n'kuyamba kuthirira tsiku ndi tsiku. Mkazi wake anamuchenjeza.

"Amunanga, bambo anga amaisiya kaye mitengoyi kuti imve ludzu. Madzi amathira maluwa akatuluka."

"Bambo anuwo analibe pampu," anayankha.

Mitengo inabiriwira mochititsa kaso, koma nyengo ya maluwa itafika, inali masamba okhaokha. Munda woyandikana nawo, wa mayi wina wamasiye, unachita maluwa mpaka njuchi kusokosa.

Atamva kuti apongozi akubwera kudzaona munda, mutu wake unaima. Anadikira mayi uja apite kumsika, n'kukathyola maluwa ake odzaza beseni. Anawamangirira ndi ulusi m'kati mwa mitengo yake, pamthunzi, kuti asafote msanga komanso ulusiwo usaoneke.

Apongozi anafika ndi abale awo awiri. Anazungulira mtengo woyamba, n'kuwerama kusuzumira m'kati.

"Bambo, ine ndalima mbibu zaka makumi atatu. Maluwa ake amatuluka kunsonga kwa nthambi, kunja kumene kumawomba dzuwa. Nanga awa akufuna chiyani pamthunzi?"

"Ndi mphamvu ya madzi, apongozi."

Mkuluyo anakoka tsango limodzi. Linabwera ndi ulusi wake. Mkazi wa mkamwiniyo anaphimba nkhope ndi manja, mwamuna wake thukuta lili kamukamu.

"Za madzizo ndikanakukhululukirani, mtengo umachita maluwa chaka china," anatero apongozi. "Koma awa ndi mtedza wa munthu. Masulani onse mukabweze kwa mwini wake."

Anamasula limodzilimodzi, anthu akuonerera. Kenako anasenza beseni, dzuwa likuswa mtengo, mpaka pakhomo pa mayi wamasiye uja. Mayiyo anayang'ana maluwa ofotawo nthawi yaitali.

"Achimwene, mukanandifunsa ndikanakuuzani nthawi yotseka pampu. Nanga awa ndiwabwezera bwanji pamtengo?"

Mkamwini uja anabwerera kwawo, manyazi atamugwira. Munda unapatsidwa kwa mlamu wake, ndipo mpaka lero mkamwiniyo amalambalala khomo la mayiyo.

Phunziro: Kukhala ndi chipangizo sikudziwa ntchito, mverani amene anayamba kale. Ndipo mukalakwitsa, vomerani msanga, chifukwa bodza lophimbira cholakwa limapweteka ndi anthu osalakwa omwe. Tumizirani anzanu, makamaka aja osamva za anzawo.