Mkono wa Mlongo

Makaniko anakankha chitseko osagogoda n'kupeza mlongo wake atakhala pamatiresi, atamangidwa lamba pamkono. Mwamuna wa mlongoyo anali atagwada pambali, jakisoni ali m'manja.

"Galu iwe!" Makaniko anamugwira pakhosi mlamu wakeyo n'kumukanikizira kukhoma. "Unakwatira mlongo wanga kuti uzimubaya mankhwala ozunguza bongo?"

"Anandipempha yekha, alamu," anatero mwamunayo mobanika. "Anatopa n'kumandidikira panja ngati mlendo. Anati ngati ndimamukondadi ndisamamubisire kanthu."

"Ndi mkazi ameneyu! Mayi wa mwana!"

"Nanga ine anandiyambitsa ndani? Si inu, kuseri kwa galaja kuja? Munandiponyera jakisoni anyamata akuseka, mukuti mwamuna sagwiridwa dzanja."

Makaniko anamusiya. Anafuna kunena kuti zimenezo n'zosiyana, koma anangotembenuka. Anayang'ana mlongo wake, mwana amene iye ankamubereka popita naye kusukulu. Mlongoyo anali thukuta kamukamu, mano akugwedezeka. Mkono wonse unali zipsera zakuda, malo amene singano inkaphonya mtsempha.

"Dzuka, tiye kwa amayi," anatero motsitsa mawu.

Mlongoyo anapukusa mutu. Kudzibaya yekha sankatha. Mwamuna wake sanalolepo kuti aphunzire, ankati imeneyo si ntchito ya akazi.

"Achimwene, awa manja awo amanjenjemera, amangondipweteka," anatero akutambasula mkonowo. "Amanena kuti inu simuphonya. Ndithandizeni kaye, kenako tizipita."