Kabawuti Kosalira Pansi

Digiri yanga inandipezera ntchito yogwira tochi m'galaja ya alamu anga. Usiku umenewo magetsi anazima tikukonza minibasi yawo, yomwe imatidyetsa tonse. Tinalimo awiri, chitseko chili chokhoma.

Kenako kabawuti kanawapulumuka m'manja. Tinatchera khutu, chifukwa lamulo lawo ndi limodzi: kakapanda kulira pansi, ndiye kuti katsakamira mu injini, ndipo ukailiza waipha.

Sikanalire.

"Mlamu, unika injini, osati dazi langa," anatero.

Tinafufuza mpaka msana wanga unauma. Alamu atapita kuseri kukatenga maginito, ndinatsamira tayala, maso akulemera. Kunsi kwa minibasi kunatuluka dzanja lonona ndi girizi, n'kundiikira kabawuti pachikhatho. Ndi kutopa konse kuja, ndinathokoza.

Alamu anabwera ndisanatseke pakamwa.

"Wakapeza kuti?"

Ndinaloza kunsi. Iwo sanawerame n'komwe. Anakayeza pa sipanala, n'kuusa moyo.

"Si kameneka. Aka ndi ka chaka chatha. Auze ayang'anenso."

Ndisanayankhe, zala zinayamba kupapasa simenti pafupi ndi phazi langa.